Pathupi pa zaka 39: kodi ndachedwa?

Mayi wina wandilembera imelo. Ali ndi zaka 39, ana anayi, ndipo ali ndi pathupi pa miyezi iwiri. Akuti akuchita manyazi kukayamba sikelo poti mwana wawo woyamba ndi mnyamata wamkulu kale, komanso akufunsa ngati msinkhuwu suika moyo wawo ndi wa mwanayo pachiswe.

Mayi, sindikubisirani: mayi akapitirira zaka 35, zovuta zina zimachulukirako. Kuthamanga kwa magazi, shuga wa pathupi, kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena kudzera pa opaleshoni, zonsezi zimaoneka kawirikawiri kuposa kwa mayi wa zaka 25. Chiopsezo chobereka mwana wa Down syndrome (vuto lobadwa nalo lochedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru) nacho chimakwera, kufika pafupifupi mmodzi mwa ana 100 pa zaka 40. Koma taonani chiwerengerocho bwino: ana 99 otsalawo alibe vutolo. Amayi ambiri a msinkhu wanu amachira bwinobwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi manyaziwo, osati zakazo. BP ya pathupi imakwera mwakachetechete. Mumaphika, mumachapa, mukumva bwino, pamene mkati zinthu zikuipa. Pofika poti mutu ukuwawa osaleka, nkhope ndi manja zatupa mpaka mphete sikuvulika, maso akuona mbuu, ndiye kuti ndi ngozi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa chotsatira ndi kukomoka ngati khunyu. Anamwino amagwira vutoli msanga ndi kachipangizo kaja komanga pamkono ndiponso poyeza mkodzo, koma amagwira kwa amene wabwera.

Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza amayi apathupi kuonana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba miyezi itatu isanathe. Ndiye pitani sabata ino. Mukawauze zaka zanu zenizeni ndi mmene munachirira ana anayiwo, osachepetsa kanthu. Pemphani akuyezeni shuga. Mapiritsi owonjezera magazi muzimwa ngakhale akunyansa, fansida woteteza ku malungo mukalandire nthawi yake ikakwana, ndipo muzigona m'masikito.

China ndi ichi: mimba yachisanu ili ndi chiopsezo chake cha kutaya magazi ambiri mukangobereka, chifukwa chiberekero chimene chagwira ntchito kangapo chimachedwa kukhwinyata. Choncho zoti ndinu ntchembere yodziwa, mudzachirira pakhomo, ziiwaleni. Ngati chipatala chili kutali, kambiranani ndi bambo a kunyumba lero za ndalama ya mayendedwe, ndipo mwezi wachisanu ndi chinayi ukayamba mukakhale kuchidikiro.