Yankho kwa amene afunsa za lawi lachikasu ndi mwaye pa sefuliya yaikulu

Amayi, mwafunsa chifukwa chimene chitofu chanu chatsopano cha gasi chophikira panja chikutulutsira lawi lachikasu lodetsa sefuliya ya malita 40, komanso chifukwa chimene madzi akuchedwera kuwira ngakhale mwatsegula gasi mpaka pamapeto. Malinga ndi mmene mwafotokozera, pa nkhani ya mwayeyi vuto si kuchepa kwa gasi, koma mpweya wosakanikirana naye ndi umene ukuperewera, choncho mukamawonjezera gasi mukungowonjezera mwaye.

Gasi wa propane, mtundu wa gasi wophikira wa m'masilinda, amafuna mpweya wochuluka pafupifupi kuwirikiza ka 24 kuyerekeza ndi kuchuluka kwake kuti ayake bwinobwino. Pamene payipi yalumikizidwa ku chitofu mupezapo kachitsulo kozungulira kokhala ndi mipata, ndipo kachitsulo kameneka ndi kamene kamalola mpweya kulowa. Ikani sefuliya ya madzi pamoto, masulani pang'ono kasikuluwu komanga kachitsuloko, kenako muzikazunguliza pang'onopang'ono uku mukuyang'ana lawi mpaka litasanduka labuluu, chikasu chitangotsala kunsonga kokha. Mukapitirira muyezo mudzamva moto ukulira mwaukali ndipo lawi lidzayamba kunyamuka kuchoka pa mabowo a chitofu ngati likufuna kuzima. Zikatero bwezani pang'ono n'kumanganso kasikuluwu kaja. Ndanena dala kuti muchite zimenezi sefuliya ili pamoto, chifukwa lawi limene limaoneka bwino chitofu chili chopanda kanthu limasintha likaphimbidwa ndi chiwiya chachikulu. Ndi bwinonso kuchita zimenezi chakumadzulo, popeza lawi labuluu silioneka padzuwa lamphamvu.

Ngati mwatsegula mipata yonse koma chikasu sichikuchoka, zimitsani moto, dikirani chitofu chizizire, n'kusuzumira m'kati mwa chubu cholowera gasi. Ine ndinavutikapo tsiku lathunthu ndikukayikira regulator, kachipangizo ka pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi, koma nditalowetsa kawaya m'chubumo ndinatulutsa ukonde wa kangaude ndi timibulu tadothi ta chisa cha mavu. Chitofu chimene chakhalitsa m'sitolo kapena m'nyumba yosungiramo katundu chimatha kukhala ndi vuto lomweli ngakhale chisanaphikirepo.

Za kuchepa mphamvu kwa moto, onani kaye mmene mumayatsira. Zolumikizira zambiri zamakono za pa silinda zili ndi kavalavu kodzitsekera kokha kakaona gasi akutuluka mothamanga ngati payipi yaduka, ndipo kamachita zimenezi mukatsegula silinda mwachangu pamene chotsegulira cha chitofu chili chotsegula kale. Tsekani zonse, chotsani regulator pa silinda, dikirani mphindi imodzi, bwezeretsani, ndiye mutsegule silinda pang'onopang'ono, chitofu chikhale chomalizira. Onaninso zimene zalembedwa pa regulator yanu, chifukwa zitofu zambiri za masefuliya aakulu zimafuna regulator yamphamvu yomwe imasinthidwa mpaka 20 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu imene gasi akukankhira), pamene ya chitofu cha kukhitchini imatulutsa mphamvu yosafika ngakhale psi imodzi. Musayerekeze kulumikiza chitofu ku silinda popanda regulator, ngakhale wina atakuuzani kuti moto wake umakula.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti m'silinda muli gasi wa propane wamadzimadzi amene amawira pa madigiri a Celsius 42 pansi pa ziro, ndipo akamasanduka mpweya amatenga kutentha kwa silindayo. Mukaphika nthawi yaitali pamoto waukulu mudzaona mame kapena chisanu choyera chikugwira kunsi kwa silinda, moto n'kuyamba kufooka gasi akadalimo. Mankhwala ake ndi silinda yaikulu kapena kusinthanitsa masilinda awiri, osati kuisendeza pafupi ndi moto kapena kuigoneka cham'mbali.

Musayembekezerenso kuti madzi a malita 40 awira ngati a m'ketulo. Ngakhale kutentha konse kukanalowa m'madzi, pakanafunika gasi wokwana pafupifupi magalamu 300 kuti awire, koma panja mphepo imauluza gawo lalikulu la kutenthako. Vundikirani sefuliya, tchingani mbali yochokera mphepo ndi lata losatsekereza mpweya kunsi, ndipo musalole lawi kukwera m'mbali mwa sefuliya, pakuti limenelo likungotenthetsa zogwirira ndi kukuthetserani gasi.

Pa nkhani ya malo sindinyengerera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kutanthauza kuti miyendo ya chitofu ikunyamula makilogalamu oposa 40 a madzi otentha, motero chiyenera kukhala pamalo olimba ndi osapendekeka, mamita atatu kuchoka pa nyumba, pabwalo posafoleredwa. Silinda iime chilili kutali monga mmene payipi ingafikire, kumbali yochokera mphepo, ndipo payipiyo isadutse pamene anthu akupita. Propane ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamadontha amatsikira pansi n'kudikha m'malo otsika. Nthawi iliyonse mukasintha silinda, pakani madzi a sopo m'malo onse olumikizira musanayatse. Mukaona thovu likufufuma, tsekani silinda, mangitsani bwino, n'kuyesanso. Mukamaliza kuphika yambani kutseka silinda kuti gasi wotsala m'payipi apse yense, kenako mutseke chitofu.