Ndinadina Save, fayilo n'kupezeka yopanda kanthu

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti kompyuta inazima atangodina Save, ndipo atayiyatsanso anapeza fayilo ili mbee, mulibe ngakhale chilembo chimodzi. Funso lawo ndi lakuti: zatsopanozo zitayike, chabwino, nanga zakale zinapita kuti?

Pepani kwambiri, zimenezi zimapweteka mtima. Ife timaona ngati kusunga kumachitika kamodzi n'kamodzi, koma mkatimo muli masitepe angapo. Editor (pulogalamu yolembera) yosasamala imatsegula fayilo ndi O_TRUNC, ndiye kuti imayamba yafafaniza zonse zakale, kenako n'kuyamba kulemba zatsopano. Pakatipo pali kamphindi kamene fayilo imakhala yopanda kanthu. Kompyuta ikazima pomwepo, zakale ndi zatsopano zomwe zapita.

Editor yosamala imalemba zatsopanozo m'fayilo ina yapambali mufoda yomweyo, n'kuitana fsync kuti zifikedi pa disiki, kenako ndi rename() n'kuyipatsa dzina la yakale ija. POSIX (malamulo amene makina a mtundu wa Unix amatsata) imalonjeza kuti rename ndi atomic: pulogalamu ina yotsegula dzinalo ipeza yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu, osati theka. Fsync ija si yongokongoletsa ayi. Mu 2009 anthu ogwiritsa ntchito ext4, njira ya Linux yosungira mafayilo pa disiki, ankapeza mafayilo opanda kanthu kompyuta ikazima mwadzidzidzi, chifukwa dzina linkasintha deta isanafike pa disiki, mpaka Linux 2.6.30 inabwera ndi chitetezo pa zimenezi.

Njirayi ilinso ndi vuto lake. Fayilo imalandira inode (nambala imene kompyuta imadziwira fayilo pa disiki) yatsopano, choncho hard link, dzina lachiwiri loloza fayilo yomweyo, imatsalira pa zakale. N'chifukwa chake editor yotchedwa Vim ili ndi backupcopy, kuti musankhe nokha ngati ilembe m'fayilo yomweyo kapena ipange yatsopano.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi race condition (mapulogalamu awiri kulimbirana fayilo imodzi pa nthawi imodzi), chifukwa rename siithetsa. Tiyerekeze kuti fayilo imodzi mwaitsegula m'mawindo awiri. Editor imayang'ana nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza, ikaona kuti sinasinthe, imalemba. Koma pakati pa kuyang'ana ndi kulembako windo linalo likhoza kusunga zake. Wosunga pomaliza amakwirira ntchito ya mnzake mwakachetechete, fayilo n'kumaoneka bwinobwino.

Za fayilo yanuyo, musalembemo kanthu kaye. Ngati munali mu Vim, yang'anani mufodamo ndi ls -a (lamulo loonetsa ndi mafayilo obisika omwe) ngati muli kafayilo kobisika kothera ndi .swp, kamene Vim imasungamo zimene mukulemba. Kakapezeka, lembani vim -r ndi dzina la fayilo, ndipo zimene zibwerezo muzisunge ndi dzina lina.