Injini ya Capri ipezeka ku Joni, koma yambani mwasuzumira kunsi

Achimwene, mwati muli ndi Ford Capri yomwe yakhala pa njerwa zaka zambiri, dzimbiri lili psuu, injini inagwirana, ndiye mukufunsa ngati ife oyenda ku Joni tingakupezereni ina komanso kuti imafika bwanji kuno.

Ipezeka. Mwayi wanu ndi woti yanuyo ndi 3.0 V6, ija amati Essex. Ku Britain anaisiya kale, koma Ford ya ku South Africa inapitiriza kuipanga mpaka cha m'ma 2000, nkumaiika mu Cortina, mu Sierra ndi m'mabaki. M'masikirapu a ku Johannesburg simusowa.

Koma musanditumizire ndalama kaye. Tengani sikuludiraiva, muchotse kapeti, mubaye pansi pomwe pamaponda mapazi, m'munsi mwa zitseko, ndi pamwamba pomwe pamamangidwa mashoko akutsogolo. Pamenepo mpamene Capri imawolera. Chitsulo chikamalira ngo ngo, ili ndi moyo. Chikamangoyoyoka, muyambe mwakambirana ndi owotcherera, chifukwa ntchito imeneyo ikhoza kudya ndalama kuposa injiniyo. Zimandipweteka kuona injini yabwino itavutikiridwa ulendo wonsewo, kenako nkumachita dzimbiri pakhonde poti bodi yakanika.

Ndikafika pogula, sindikhulupirira mawu oti "imalira bwino". Ndimaika sipanala pa pule ya kutsogolo nkuzunguza ndekha. Ndimatsegula chotsekera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi analowa, ndimaisiya. Essex ili ndi nthenda yake, giya ya timing, yoyendetsa mavalavu, ndi ya fibre ndipo imathothoka mano, choncho yachitsulo ndimaguliratu komweko pamodzi ndi magasiketi. Kuno mudzazungulira nazo tauni yonse.

Tsono mapepala. Lisiti ikhale ndi dzina la wogulitsa, mtengo weniweni ndi nambala ya injini, ndipo nambalayo ndimaiwerenga ndekha pa buloko, chilembo ndi chilembo. Injini yofufutidwa nambala sindiikhudza ngakhale itatchipa bwanji. Lisiti yonamizira mtengo nayonso ayi. A MRA akaikayikira amaika mtengo wawo, katundu nkugona pa chipata.

Tikatero timakhetsa oyilo, kuimanga pa paleti, kuikulunga pulasitiki, nkuikweza thiraki, osati basi. Imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, komwe ejenti amalemba zamsonkho. Powerengera ndalama muphatikize zonse: injini, thiraki, ejenti, msonkho, ndi yanga ya ntchito. Randi imasinthasintha, ndiye mtengo ndimakuuzani tsiku logula.

Injini ikalowa m'galimoto, mupite ku Road Traffic akasinthe nambala ya injini mu blue book, malisiti onse muli nawo m'manja.

Nditumizireni zithunzi za kunsiko ndi za giyabokosi, ndione ngati nayo tiisakire limodzi ulendo womwewo.