Kodi kachilombo ka timatuza ta pamlomo kamalowa bwanji m'maselo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sayansi ku sekondale. Akuti akangodwala malungo, pakona ya mlomo pamatuluka timatuza, malo omwewomwewo chaka ndi chaka. Afunsa kuti kachilomboka kamalowa bwanji m'maselo, nanga bwanji sikatha chonsecho amamwa acyclovir.

Mayi, kachilombo kanuko ndi herpes simplex ya mtundu woyamba, HSV-1. Abale ake ndi HSV-2 wa zilonda za kumaliseche, kachilombo ka katsabola komwe kamadzabweranso ngati mashingozi, Epstein-Barr, ndi kachilombo ka khansa ya Kaposi komwe Yuan Chang ndi Patrick Moore anakapeza mu 1994.

HSV sikaboola selo mwa mphamvu ayi. Kamafika ngati mlendo wodziwa kuchita odi. Kunja kwake kali ndi chikuto cha mafuta, ndipo pachikutopo pamamera mapuloteni omwe asayansi anangowatcha ndi zilembo: gB, gC, gD, gH ndi gL. Poyamba gC ndi gB zimagwira tinthu tonga ulusi tomata totchedwa heparan sulfate, tomwe tili pamwamba pa maselo ambiri. Apa kachilombo kangoima pakhonde, sikanalowe.

Wochita odi weniweni ndi gD. Imafufuza puloteni ya selo yomwe ingakwanirane nayo, ndipo zodziwika bwino ndi ziwiri: HVEM, yomwe gulu la Patricia Spear ku Northwestern University linaipeza mu 1996, ndi nectin-1 yomwe inadziwika mu 1998. gD ikagwira imodzi mwa izi imasintha kapindidwe kake, n'kudzutsa gH ndi gL zomwe zimayenda ziwiri nthawi zonse. Izi nazo zimadzutsa gB. Ndiye gB imatambasuka, n'kubaya nsonga yake m'chikuto cha selo, kenako n'kudzipindanso, kukoka zikuto ziwirizo mpaka zitalumikizana monga madontho awiri a mafuta ophikira akakumana pamadzi. Patseguka kabowo, ndipo kabokosi kosunga DNA ya kachilombo kagwera m'kati. Ikasowa imodzi mwa gD, gH, gL kapena gB, palibe kulowa.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti makomo olowerawa, HVEM ndi nectin-1, thupi linawaika pa ntchito zake. Nectin-1 imamatiriza selo ku selo inzake kuti khungu lisayoyoke, ndipo ilinso pa maselo a mitsempha yotumiza uthenga ku ubongo. Yankho la funso lanu lagona pamenepo. Kachilombo kakachulukana pamlomo, kamalowa kunsonga ya mtsempha kudzera pakhomo lomwelo, n'kukwera mtsemphawo mpaka kukafika pa kamfundo ka maselo kotchedwa trigeminal ganglion, m'kati mwa chigaza chapafupi ndi khutu. Kumeneko kamakhala phee, moyo wanu wonse. Thupi likatentha ndi malungo, mukawombedwa dzuwa kwambiri kapena chitetezo chikatsika, kamadzuka n'kutsika ndi mtsempha womwe uja. N'chifukwa chake timatuza timabwerera pakona yomweyo, ndipo mumayamba mwamva kunyerenyesa kapena kuyabwa musanaone kalikonse pagalasi.

Acyclovir alibe nazo ntchito zapakhomo. Amagwira kachilombo kali kale m'kati, pomwe kakuchulukitsa DNA yake. Kogona mu mtsempha kaja sikachulukitsa kanthu, ndiye mankhwala amakadutsa. Muziyamba kumwa kunyerenyesa kukangoyamba, osadikira matuza, ndipo nthawi imeneyo musapsompsone khanda, poti kwa mwana wobadwa kumene HSV imatha kupha.

Mwina mukuti, bwanji osangotseka gD ndi katemera? Anayesa. Katemera wopangidwa ndi gD ya HSV-2 anayesedwa pa amayi oposa 8,000 ku United States ndi Canada, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2012 zinaonetsa kuti sanawateteze ku HSV-2.

Ana asukulu anu mukawauzenso za Epstein-Barr, poti kamakhudzana ndi khansa ya Burkitt yomwe imatupitsa nsagwada za ana kuno kwathu. Iko kalibe gD. Puloteni yake gp350 imagwira puloteni yotchedwa CD21 pa maselo a chitetezo otchedwa B, ndiye m'malo mobisala m'mitsempha, kamabisala m'maselo omwe ntchito yawo ndi kupanga asilikali otiteteza ku matenda.