Bambo wake amaluma chitseko, mwanayo ndimugule?

Imelo yomwe ndalandira sabata ino yandikanda pachilonda. Mayi wina akufuna kugulira mwana wawo wamtsikana kavalo woyamba. Apeza mfule wa zaka 4, wooneka wofatsa, koma atapita kukaona bambo wa kavaloyo anapeza chilombo: makutu ali chigonekere kumbuyo, mano ali pa chitseko, wosamalira akulowa m'khola atanyamula ndodo. Wogulitsa akuti amphongo onse ndi otero. Ndiye akufunsa ngati ukaliwo uli m'magazi.

Mayi, mundilole ndiyambe ndadandaula. Yankho lanu libwera.

Ntchito ya akavalo ndinaiphunzirira pa khola lina lobereketsa, ndipo kumeneko kunali mphongo amene tonse tinkamuopa. Pomutulutsa pankafunika anthu awiri ndi tcheni chodutsa pamphuno. Ankakhala yekhayekha m'chipinda cha makoma aatali, osaona kavalo mnzake kupatula tsiku lokwera, akudya chakudya chopatsa mphamvu chambiri, udzu pang'ono, osathamanga. Mwini khola sankalola alendo kufika kumeneko. Ankawatengera kwa mphongo wina, wokongola, wokonda kusisitidwa, amene ankadya m'manja mwa ana. Anthu ankalipira ataona ameneyo.

Koma ana a amphongo awiriwa ankadutsa m'manja mwa ife antchito. Ana a wolusa uja sankaluma. Ambiri anali achidwi, okonda anthu, ofulumira kugwira zophunzitsidwa. Chimene anali nacho pafupifupi onse ndi kudzidzimuka. Pepala lapulasitiki likauluka, kapena mukasuntha ndowa pamalo pamene imakhala, mwanayo wadumphira uko, ndipo ankachedwa kukhazikika mtima. Ana a wofatsa uja sankadzidzimuka, koma makani ake! Akakana kuoloka ngalande, mukhoza kuima pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Panalinso kavalo wamkazi wokalamba amene sankafuna kuona munthu. Tinamubereketsa kwa amphongo onse awiri, zaka zosiyana, ndipo mwana aliyense ankabisala kumbuyo kwa make n'kuthawa tikangotsegula geti. Make mbuu, mwana mbuu. Ogula sankafunsa za iye. Ankafunsa dzina la bambo basi, chifukwa ndi limene limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa malonda.

Anthu a mipikisano yothamanga ali ndi nkhani zomwe amakonda kutchula posonyeza kuti ukali umatsata magazi, ndipo ina ndi yoona ndithu. Ku America kunali kavalo wotchedwa Hastings, wodziwika ndi kuluma anthu ndi akavalo anzake. Anabereka Fair Play, wovutanso. Fair Play anabereka Man o' War, wobadwa mu 1917, amene anapambana mipikisano 20 mwa 21 koma anali wamoto. Man o' War anabereka Hard Tack, amene ophunzitsa anam'lephera chifukwa cha khalidwe. Mpaka apa mzere ukuyenda bwino. Kenako Hard Tack akubereka Seabiscuit, kavalo wokonda tulo ndi chakudya, amene poyamba ankatchedwa waulesi. Seabiscuit anadzayamba kulusa atathamangitsidwa mipikisano yambirimbiri ali wamng'ono, ndipo anakhazikika atapita kwa mphunzitsi Tom Smith, yemwe anam'patsa kavalo wofatsa, Pumpkin, woti azigona naye khola limodzi. Mu 1938 pa bwalo la mipikisano la Pimlico anagonjetsa War Admiral, mwana weniweni wa Man o' War. Okonda nkhani ya magazi amafika pa Hard Tack n'kusiyira pomwepo.

Ku England nako, mphongo wotchedwa St. Simon anali waukali wodziwika. Ndi kavalo wamkazi mmodzi yemweyo, Perdita II, anabereka Persimmon amene anapambana mpikisano waukulu wa Derby mu 1896, ndi Diamond Jubilee amene anapambana mipikisano itatu ikuluikulu ya m'dzikomo mu 1900. Bambo mmodzi, mayi mmodzi. Diamond Jubilee ankagwetsa ndi kulimbana ndi okwera otchuka mpaka anam'patsa mnyamata wa m'khola, Herbert Jones, amene ankamvana naye. Mkulu wake Persimmon sanatchuke ndi nkhanza zoterozo.

Zimenezi sizodabwitsa. Kavalo ali ndi makromozomu 64, timaulusi ta m'maselo a thupi tonyamula zotengera kwa makolo, theka la bambo, theka la mayi, ndipo theka limene mwana aliyense amalandira silikhala lofanana ndi la m'bale wake. Khalidwe silinyamulidwa ndi jini imodzi, kachigawo kamodzi ka kromozomu, ngati mitundu ina ya ubweya. Limachokera ku majini ambiri, lililonse likuthandizira pang'ono. Akatswiri a pa yunivesite ya Rennes ku France, motsogozedwa ndi Martine Hausberger, anayesa akavalo mazanamazana ndipo mu 2004 anafalitsa zomwe anapeza: kuopa zinthu zachilendo kunkatsata kwambiri bambo ndi mtundu wa kavalo, pamene zina, monga momwe kavalo amachitira akam'patula kwa anzake, zinkadalira kwambiri ntchito yake ndi kumene akukhala. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira ana odzidzimuka aja. Gulu lomwelo mu 2005 linaonetsanso kuti mukamapesa ndi kudyetsa make mofatsa masiku oyamba atabereka, osagwira mwanayo n'komwe, mwanayo amakula wosaopa anthu. Amaphunzira poonerera. Make amamunyamula m'mimba miyezi 11, n'kukhala naye miyezi ina 4 mpaka 6 asanasiyitsidwe kuyamwa. Bambo nthawi zambiri samuona n'komwe.

Tsono mawu a wogulitsa aja, akuti amphongo onse ndi otero, amandikwiyitsa. Ndi bodza. Mphongo amakhala ndi phokoso, amadzionetsera, amafuna kuti womugwira akhale maso, koma kuthamangira munthu ndi mano si chilengedwe cha mphongo aliyense. Ku Avenches, pa khola la boma la Switzerland, anayesa kusunga amphongo pamodzi pa busa lalikulu nyengo yobereketsa itatha, ndipo patapita masiku ochepa ndewu zinachepa, n'kumakhala monga gulu. Kavalo ndi nyama ya m'gulu. Mukam'tsekera yekha zaka ndi zaka, musadabwe akamatafuna chitseko. Choncho mphongo wolusa akutiuza chimodzi mwa ziwiri, ndipo zonse ndi zoipa: mwina ukaliwo anabadwa nawo, ndiye sakuyenera kubereka, kapena anthu a pakholapo ndi amene anam'sandutsa wotero, ndiye manja omwewo ndi amene analera mwana amene mukufuna kugulayo.

Poyamba ndinkati n'kuwamvetsa obereketsa, popeza nawo akufuna ndalama. Pano ayi. Kavalo wothamanga akhoza kukhala chilombo chifukwa amasamalidwa ndi akatswiri, ndipo akapambana zonse zimakhululukidwa. Ribot wa ku Italy sanagonjepo m'mipikisano 16, atapita ku Kentucky ku America anakhala woopsa kwambiri, komabe eni akavalo aakazi ankamulimbirana. Zimenezo ndi za olemera ndi antchito awo. Koma wobereketsa akavalo oti akwere ana a anthu, n'kumasunga mphongo woluma chifukwa ali ndi khosi lokongola, akuseweretsa miyoyo ya anzake. Mphongo woteroyo afulidwe basi. Ku Germany amphongo a mitundu yokwera amayesedwa asanaloledwe kubereka mokwanira, ndipo khalidwe ndi kufunitsitsa kugwira ntchito zimapatsidwa malikisi pamodzi ndi kayendedwe ndi kudumpha. Sindikunena kuti njirayo ilibe zibowo, oweruza nawo amakopeka ndi kavalo wamoto, koma ndi bwino kusiyana ndi kudalira pakamwa pa wogulitsa.

Nanga mugule kapena ayi?

Musaweruze ndi bambo yekha. Mphongo amakhala ndi ana ambiri, ndiye pemphani kuona ena a iwo, makamaka amene anagulitsidwa kale ndipo ali m'manja mwa anthu wamba, ndipo mulankhule ndi eni ake wogulitsayo palibe. Akakhala kuti ambiri, ochokera kwa amayi osiyana ndi makola osiyana, ali ndi vuto limodzi, limenelo ndi la bambo. Kaoneni make, muone ngati amabwera yekha kwa munthu. Kenako mfuleyo: mufike asanam'gwire, mum'gwire nokha pa busa, munyamule mapazi onse anayi, mum'chotse kwa anzake, mutambasule ambulera chapatali muone kuti akadzidzimuka amatenga nthawi yotani kuti abwerere kudzanunkhiza. Mubwerenso tsiku lina mosapangana, ndipo dokotala wa ziweto amuyeze ndi kutenga magazi, chifukwa mankhwala ofooketsa alipo ndipo ululu wa mano, msana kapena zilonda za m'mimba umasintha khalidwe.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si bambo uja, ndi zaka 4 zija. Kavalo wa msinkhu umenewo akadali mwana wasukulu, ndipo mtsikana wanu nayenso akuphunzira kumene. Ndikanakhala ine ndikanafuna mfule wa zaka 10 kapena kuposerapo amene wanyamulapo kale ana ena, ngakhale dzina la bambo wake lisadziwike.