Tales from the Crypt inayamba ngati buku la zithunzi la masenti 10

Achimwene, mwafunsa ngati pulogalamu ya pa TV ija ya Tales from the Crypt inachokeradi m'mabuku a zithunzi, komanso chifukwa chimene mabukuwo anathera. Inde, inachokera kumeneko. Ya pa TV inayamba mu 1989 pa HBO, koma nkhani zake zambiri zinalembedwa ku New York zaka zoposa 30 m'mbuyomo.

Kampani yake inali EC Comics. William Gaines anaitenga bambo ake atamwalira pa ngozi ya boti mu 1947, ndipo mu 1950 iye ndi mkonzi wake Al Feldstein anayamba kutulutsa mabuku atatu oopsa: Tales from the Crypt, The Vault of Horror ndi The Haunt of Fear. Buku limodzi linkagulidwa masenti 10 ndipo linkakhala ndi nkhani zinayi zifupizifupi. Nkhani iliyonse inali ndi woikamba wake, kaya Crypt-Keeper, kaya Vault-Keeper, kaya nkhalamba ina ya mfiti yotchedwa Old Witch, amene ankakulandira poyamba n'kudzakutsanzika pomaliza, ngati mmene agogo amayambira ndi “padangokhala” madzulo pamoto.

Ine chimene chimandigwira mtima si magaziwo ayi. M'nkhani zimenezi akufa sagona ngati anachitiridwa nkhanza. Chitsanzo ndi nkhani ya mu 1952 yotchedwa Poetic Justice, yojambulidwa ndi Graham Ingels. Muli mkulu wina wosauka wotola zinyalala, wokonda ana ndi agalu, koma olemera oyandikana naye sakumufuna pamalopo. Amuchotsetsa ntchito, amulandanitsa ndi agalu ake, kenako pa tsiku la Valentine amutumizira makadi achipongwe mpaka mkuluyo adzimangirira. Chaka chitatha, tsiku lomwelo, adzuka m'manda atawola kale n'kukazula mtima wa amene anamuzunza uja. Ukamawerenga umachita mantha, komanso umapezeka kuti uli mbali ya mzukwawo. Ingels ankajambula mitembo ngati ikusungunuka, mizere yake yonjenjemera, moti mpaka lero sindinaone wina womufika pa zimenezo. Nkhani yomweyi ili mufilimu ya ku Britain ya mu 1972, mmene Peter Cushing anasewera ngati mkuluyo.

Mabukuwa anatha akugulidwa bwino. Chinawapha ndi mantha a makolo ndi andale. Mu 1954 dokotala wa zamaganizo Fredric Wertham anatulutsa buku lakuti Seduction of the Innocent, akunena kuti makomiki ndi amene akuwononga ana. Mu April chaka chomwecho komiti ya Senate, nyumba ya malamulo ya ku America, inamva umboni ku New York, ndipo Gaines anapita yekha kukadziteteza. Mmodzi wa m'komitiyo, Estes Kefauver, anamuonetsa chikuto cha buku lina la EC, chojambulidwa ndi Johnny Craig, pali munthu atanyamula nkhwangwa ndi mutu wa mkazi, n'kumufunsa ngati chimenecho n'choyenera. Gaines anayankha kuti kwa buku la zoopsa n'choyenera. Yankho limenelo linamutsirira dothi m'manyuzipepala. Makampani a makomiki anadzipangira okha malamulo, Comics Code, oletsa mawu akuti horror ndi terror pa mitu ya mabuku, komanso oletsa akufa oyenda ndi opopa magazi. Buku lopanda chidindo chawo ogulitsa ambiri ankalikana. Pofika kumayambiriro kwa 1955 atatu onse aja anali atatha, ndipo pamapeto pake Gaines anatsala ndi Mad, magazini yake ya nthabwala.

Ku Britain nakonso kunali chimodzimodzi. Mu September 1954 ana mazanamazana a ku Gorbals mu Glasgow anakhamukira kumanda kukasaka namapopa wa mano achitsulo. Akuluakulu analoza chala makomiki a ku America, ndipo mu 1955 kunabwera lamulo loletsa mabuku otere kwa ana.

Poti muyambire? Nkhani za EC zinasindikizidwanso m'mabuku akuluakulu, ndiye fufuzani zojambula za Ingels ndi Jack Davis. Mukamaliza pitani ku Creepy, imene kampani ya Warren inayambitsa mu 1964 ngati magazini yopanda utoto kuti azembe Code ija. Koma musapatse ana ang'onoang'ono, achimwene, zina n'zolemeradi.