Kuchotsa malonda m'pulogalamu ya pa TV popanda kuwononga chithunzi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mumajambula mapulogalamu a pa TV pa fulashi kudzera pa dikoda, koma mukadula zotsatsa malonda ndi ka apu ka pafoni, pamalo olumikizirapo chithunzi chimasweka n'kukhala timabokosi, mawu amatsalira m'mbuyo milomo itatseka kale, ndipo vidiyo yonse imatuluka yozilala mutadikira nthawi yaitali. Ena pamwambapa akuti foni yanu ndi yofooka, mugule ina. Ayi, ndalamayo isungeni kaye. Cholakwika chili pamalo pomwe mukudula komanso pa njira yomwe mukusungira fayiloyo.

Ndiyambe ndi timabokosito, chifukwa mukamvetsa apa zinazo n'zosavuta. TV ya digito imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi imodzi m'mayiko ambiri, kwina 30. Koma zithunzizo sizisungidwa zonse zathunthu. Chimodzi chimasungidwa chathunthu, ndiye chomwe amachitcha keyframe kapena I-frame. Zotsatira zake, zomwe amati P ndi B, zimangosunga zomwe zasintha. Ganizani za munthu wowerenga nkhani atakhala pampando: khoma lakumbuyo silisuntha, tebulo silisuntha, chikuyenda ndi pakamwa ndi maso basi. Ndiye chithunzi chachiwiri chimangoti, "zonse zili ngati poyamba paja, kupatula mlomo." Mukadula pakati n'kutaya chithunzi chathunthu chija, chachiwiricho chimatsala chikuloza chinthu chomwe palibe. Pamenepo ndi pomwe mumaona nkhope yosungunuka, utoto wobiriwira kapena wotuwa, mpaka keyframe ina ifike n'kukonza zinthu.

Pa mawayilesi ogwiritsa njira yosungira vidiyo yotchedwa MPEG-2, keyframe imabwera pafupifupi theka lililonse la sekondi. Pa njira ina yotchedwa H.264, yomwe ili pa matchanelo ambiri a HD, imatalikirana kuposa pamenepo, nthawi zina sekondi yathunthu kapena kupitirira. Choncho lamulo ndi ili: gawo lililonse lomwe mukusunga liyambire pa keyframe. Pothera pake sipavuta kwenikweni, poyambira ndiye pofunika maso.

Za kuzilala ndi kuchedwa ndi nkhani ina. Maapu ambiri a pafoni sadula chabe, amaumbanso vidiyo yonse kuyambira poyamba mpaka pothera. Zili ngati kupanga fotokope ya fotokope, nthawi iliyonse pamatayika kenakake. Inu simukufuna kuumbanso, mukungofuna kukopera zomwe zilipo kale n'kusiya malondawo. Ntchito imeneyo pa kompyuta imatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo chithunzi chimakhala chimodzimodzi monga chinatsikira kuchokera pamlongoti.

Ine ndimagwiritsa pulogalamu ya pa kompyuta yodulira vidiyo yotchedwa Avidemux. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Linux ndi Mac. Maonekedwe ake ngachikale, osakopa n'komwe, koma ntchito imagwira. Koperani kaye fayiloyo kuchoka pa fulashi kupita pa kompyuta. Nthawi zambiri dzina lake limathera ndi .ts. Mukaitsegula imatenga kanthawi ikuwerenga, ilekeni imalize. Kumanzere, pa Video Output sankhani Copy, pa Audio Output nayonso Copy, ndipo pa Output Format muike MKV Muxer. Mawu akuti Copy aja ndiwo nkhani yonse. Mukangowasintha, mwabwerera ku fotokope kuja.

Tsopano kadulidwe. Mivi ya pa kiyibodi yoloza kumanja ndi kumanzere imayenda chithunzi chimodzichimodzi, pomwe yoloza m'mwamba ndi pansi imadumpha kuchoka pa keyframe kufika pa inzake. Pitani pomwe pulogalamu yaima, yendani pang'onopang'ono mpaka mufike pachithunzi choyamba chomwe simukuchifuna, dinani batani la A lomwe lili pa zenera la Avidemux kuti muike chizindikiro poyambira kudula. Kenako pitani kumapeto kwa malondawo, ndipo apa gwiritsani mivi ya m'mwamba ndi pansi yokha, mpaka muime pa keyframe yoyamba ya pulogalamu yanu. Pansi pa zenera pamalembedwa mtundu wa chithunzi chomwe mwaimapo, onetsetsani kuti pali chilembo I. Dinani batani la B, kenako Delete pa kiyibodi. Chitani chimodzimodzi paliponse pali malonda, musunge ndi dzina latsopano. Mukaphonya, Avidemux imakuchenjezani yokha kuti simunadule pa keyframe. Chenjezo limenelo musamangolidina kuti lichoke, bwererani mukakonze.

Apa pali poti musankhe nokha. Nthawi zina keyframe siigwera ndendende pomwe pulogalamu yayambiranso. Ya m'mbuyo ikusiyirani kachidutswa ka malonda kothwanima ngati mphezi, ya kutsogolo ikudyerani liwu loyamba la wolankhula. Ine ndimayang'ana kaye ngati pali mdima, chifukwa matchanelo ambiri amaika zithunzi zakuda zingapo pakati pa malonda ndi pulogalamu, ndipo Avidemux ili ndi batani lofufuzira chithunzi chakuda chotsatira. Keyframe ikapezeka mumdimamo, mwapata, palibe amene adzazindikire kuti munadulapo. Ikapanda kupezeka, ndimalolera kutaya theka la sekondi la pulogalamu kusiyana n'kuona chizindikiro cha kampani chikuthwanima pakati pa sewero. Komanso matchanelo ena akabwerako kumalonda amabwereza masekondi angapo omwe anaonetsa kale, ndiye mpata wosankhira umakhalapo wambiri. Ingosamalani kuti munthu asanene chiganizo chimodzi kawiri.

Ngati muli a mtima wofuna zinthu zenizeni mpaka pachithunzi chimodzi, pali njira yomwe amati smart rendering, yomwe imaumbanso zithunzi zochepa za pamalo odulapo basi, kwinako n'kungokopera. TMPGEnc MPEG Smart Renderer imachita zimenezo koma ndi yogula. LosslessCut, yomwe ndi yaulere ndipo ndi yosavuta kuposa Avidemux kwa woyamba kumene, ilinso ndi njira yoteroyo, ngakhale kuti kwa ine siinatuluke bwino nthawi zonse pa mafayilo a TV.

Mawu otsalira m'mbuyo aja kawirikawiri gwero lake ndi siginolo. Mvula ikagwa kapena mphepo ikagwedeza dishi kapena eriyo, tizidutswa tina timatayika m'njira. Dikoda imadziwa kudumpha malo oterowo, koma pulogalamu yodulira imasokonezeka pa kawerengedwe ka nthawi. Zinandionekera pa mpira wina womwe ndinajambula kunja kukugwa chimvula. Chigawo choyamba chinali bwinobwino, koma chachiwiri wolengeza ankakuwa kuti chalowa osewera atayamba kale kubwerera pakati. Ndinadula kawiri konse osamvetsa. Chomwe chinandithandiza n'kuyamba ndaidutsitsa fayilo yoyambirira mu pulogalamu ina ya pa kompyuta yotchedwa MKVToolNix kuti ikhale fayilo ya mtundu wa MKV, popanda kuumbanso chilichonse, kenako n'kudula yatsopanoyo. Sikuti zimachiza zonse, koma yesani zimenezo musanataye mtima. Ngati mawu akutsalira mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, mu Avidemux muli kabokosi ka Shift pansi pa Audio Output, mumalembamo nambala ya mamilisekondi, ndipo 1000 ndi sekondi imodzi.

China chomwe ambiri sachidziwa: pa matchanelo ena filimu imabwera ndi mawu a 5.1 (a masipika asanu ndi limodzi) pomwe malonda ndi a sitiriyo wamba (a masipika awiri). Kujambula kukayambira pamalonda, mapulogalamu ena amaganiza kuti fayilo yonse ndi ya sitiriyo, ndiye mawu amazima kapena kukhosomola filimu ikayamba. N'chifukwa china chosasiyira kachidutswa ka malonda koyambirira.

Mukatopa n'kudula pamanja, kuli pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Comskip. Imafufuza yokha malonda poyang'ana mdima uja, kachetechete, komanso kusowa kwa kachizindikiro ka tchanelo pakona. Ikhoza kutulutsa kafayilo kothera ndi .edl, ndipo mukakaika pamodzi ndi vidiyo, dzina likhale lofanana, pulogalamu yoonera vidiyo yomwe dzina lake ndi Kodi imadumpha yokha malondawo popanda kudula chilichonse. Koma Comskip musaikhulupirire mwakhungu. Pa filimu ya zochitika zambiri za usiku imatha kuona mdima n'kuganiza kuti ndi malonda.

Mukapeza kuti pulogalamu imodzi yagawika mafayilo angapo, ndi chifukwa cha fulashi yanu yokonzedwa m'njira ya FAT32, yomwe siilola fayilo yopitirira 4GB. Alumikizeni kaye musanadule, mu Avidemux pali Append. Ndipo ngati fayilo ikukaniratu kutseguka pa kompyuta iliyonse, ndiye kuti dikoda kapena TV yanu inaikiya kuti izionetsedwa pa makina omwewo basi. Poti mwanena kuti foni yanu imatsegula, inu vuto limenelo mulibe.

Mukamaliza, musafufute yoyambirira msanga. Tsegulani yatsopanoyo mu pulogalamu yoonera vidiyo ya VLC, pitani pamalo aliwonse omwe mwalumikiza, muonere masekondi 10 kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mudumphire kumapeto muone ngati milomo ndi mawu zikuyenderabe limodzi. Zikakanika, lembani pano dzina la fayilo limathera ndi chiyani komanso zomwe MediaInfo (pulogalamu yoonetsa tsatanetsatane wa fayilo) ikuonetsa pa vidiyo ndi pa mawu, tidzaonere pamenepo.